Mutu 6: Alonda m'Chithunzi Nambala 63

1. Kamera ya amalume

Anzake ankamutcha Chiphaniphani, mwachidule Phani, chifukwa cha katochi kofiira kamene sankasiyana nako kukada. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ankaphunzira fomu yachitatu pasukulu ya sekondale imene inali kutsidya kwa msewu wa kwawo. Iye ndi amayi ake ankakhala m'zipinda za pamwamba. Pansi panali situdiyo ya amalume ake, amene ankajambula zithunzi za maukwati ndi za ziphaso.

Teremu imeneyo aphunzitsi a sayansi anauza aliyense kuti abweretse umboni woti dziko limazungulira. Ambiri anangokopera zojambula za m'buku. Phani anafuna chithunzi chenicheni, choonetsa nyenyezi zitalemba mizere yokhota kumwamba.

Amayi ake atamva, anaika pansi malaya amene ankasoka.

"Kujambula usiku? Mumdima mumaoneka chiyani?" anafunsa. "Undiuze zoona iwe. Nyenyezi yakeyo si ya miyendo iwiri, yovala buluku?"

"Amayi, inunso! Ndikhala pakhonde pathu pompano."

"Msiyeni mwanayu, mlongo wanga," anatero amalume akukwera masitepe, kamera yakale ili m'manja. "Musiye chitseko chotsegula, muzimuona. Mnyamata wokwera khoma mpaka pakhonde lino ndiye kuti ndi buluzi."

Amayi sanaseke, koma sanakanenso.

Amalume anakhazika kamera pa thirayipodi, choimikira cha miyendo itatu chija, n'kumuitana Phani kuti asendere.

"Utchere khutu, chifukwa sindibwereza. Masana kamera imangophethira kamodzi, chithunzi chatheka. Usiku siiphethira ayi, imayang'anitsitsa. Choyamba uike apa pa M, kuti zonse uziyendetsa wekha. Nambala iyi ndi ya nthawi. Uike masekondi makumi atatu, kuti diso la kamera likhale chitsegukire nthawi yonseyo likutolera kuwala pang'onopang'ono. Iyi yoyamba ndi chilembo cha f ndiye khomo lolowera kuwalako. Nambala ikachepa khomo limakula, ndiye uike pa 2.8. Iyi ya ISO uike pa 800. Ukaikweza kwambiri chithunzi chimatuluka ngati wachiwaza mchenga. Fulashi uzimitse. Nyenyezi sungaiunikire ndi fulashi."

"Nanga kuti zioneke bwino, zisachite chimbuuzi?"

"Mumdima kamera siitha kudzipezera poyang'ana. Imangosakasaka ngati munthu wotaya singano. Upeze nyenyezi yowala kwambiri, uzungulitse lenzi ndi dzanja mpaka nyenyeziyo isanduke kadontho kakang'ono, kenako umate ndi tepi kuti isasunthe. Ukatero udine batani la pachingwe ichi n'kulikhoma. Kamera izijambula yokha, chimodzi pambuyo pa chinzake. Usaikhudze. Ukangoigunda ndi chigongono, ntchito ya ola lathunthu yapita. Zithunzi zonsezo tidzazisanjikiza pakompyuta, mizere yako idzatuluka."

Phani analemba zonse kuseri kwa kope la masamu.

2. Lachisanu magetsi atazima

Lachisanu magetsi anazima cha m'ma eyiti koloko madzulo. Mwezi kunalibe. Dera lonse linali bii, ndipo nyenyezi zinadzaza thambo ngati mchere wotayika pansalu yakuda.

"Tsiku lako ndi lero," anatero amalume. "Koma usajambule thambo lokha. Pansi pa chithunzi pakhale chinthu chokhazikika, denga kapena mtengo, kuti woona adziwe pamene unaima."

Chokhazikika chimene chinali pafupi chinali labu ya sukulu, kutsidya kwa msewu. Kuchokera pakhonde ankaiona cha pangodya: khomo la kutsogolo ndi mazenera a m'mbali. Phani anailowetsa m'munsi mwa chithunzi, anakulunga lenzi ndi sokosi yakale kuti isagwidwe mame, n'kudina batani nthawi ili naini koloko ndendende.

Anakhala pansi atadzifunditsa bulangeti. Kamera inkangoti kwatcha, n'kukhala chete, kwatcha, n'kukhalanso chete.

"Ukulankhula ndi ndani kumeneko?" amayi anafunsa ali m'kati.

"Palibe, amayi. Ndi kamera."

Nthawi ina agalu anauwa cha kusukulu, n'kusiya. Phani sanayang'aneko. Maso ake anali kumwamba. Pofika teni koloko anali ndi zithunzi 120.

M'mawa mwake amalume ananyamula laputopu yawo kupita kukajambula ukwati kutali, n'kunena kuti abwera Lachiwiri. Phani analephera kudikira. Lolemba anabisa kamera m'chikwama, pansi pa mabuku, kuti akaonetse mnzake. Ankadziwa bwino kuti lamulo la sukulu limaletsa mafoni ndi makamera.

3. Ndani walowa mu labu?

Tsiku limenelo asembule inatalika. Ahedi anaima pasitepe nkhope ili gwa.

"Kumapeto kwa sabata kuno munthu wina walowa mu labu," anatero. "Watenga mamaikulosikopu awiri, omwe aja timaonera tizilombo tosaoneka ndi maso. Tinali nawo atatu okha. A fomu yachinayi mayeso awo ndi mwezi wamawa. Wakubayo anadziwa kabati yoyenera kutsegula, ndiye si mlendo. Mwina waima pakati panu pomwepa. Amene akudziwa kanthu abwere ku ofesi."

Ophunzira anayamba kuyang'anana cham'mbali. Pofika nthawi yopuma aliyense anali ndi womuganizira wake. Ena ankati ndi anyamata a mpira, poti Loweruka anali pabwalo. Ena ankati ndi amisiri amene ankakonza denga. Mnyamata wina amene anabwera ndi nsapato zatsopano anavutika kufotokoza kumene anazitenga.

Phani anakokera mnzake wapamtima kuseri kwa laibulale. Mnzakeyo ankatchedwa Wailesi, chifukwa nkhani ikafika kwa iye inkakhala kuti yafika kwa onse. Phani anatulutsa kamera n'kuyamba kumuonetsa zithunzi pakagalasi ka kumbuyo.

"Zonse n'zofanana izi," anatero Wailesi akuyasamula. "Madontho okhaokha. Dikira! Bwerera. Ichi n'chiyani pansipa?"

Chinali chithunzi nambala 63. Phani anakuza mbali ya m'munsi. Pakhomo la labu panaima munthu, nyali ili m'manja, nkhope ataweramitsira paloko. Anavala chikhoti chachitali ndi chipewa chophimba makutu. Pasukulu yonse munthu wa chikhoti chimenecho anali mmodzi.

"Alonda!" Wailesi anagwira pakamwa. "Unajambula liti?"

"Lachisanu usiku."

"Ndiye basi, wakuba uja ndi ameneyu. Anthu akunamizirana chabe pano."

"Koma si ntchito yawo kuyendera makomo?"

"Kuyendera n'kumagwira loko? Taona mmene aweramira." Wailesi anasolola foni imene ankabisa m'sokosi. "Ima ndijambuleko."

Phani anabweza kamera pachifuwa. "Amalume sanazione. Tidikire abwere."

"Ukuopa chiyani? Ndingosunga, mwina kamera yako n'kuwonongeka umboni n'kutayika. Sindionetsa munthu. Kapena sundikhulupirira?"

Belu linalira. Phani anatembenuza kamera n'kumulola.

4. Chikhoti pamkono

Pofika madzulo chithunzi chija chinali m'mafoni a makolo. Wina anachizunguliza ndi mzere wofiira n'kulembapo kuti, "Mlonda walonda katundu mpaka kwawo." Palibe amene ankadziwa wojambula. Ena ankati ndi apolisi, ena ankati ahedi anabisa kamera mumtengo.

Lachiwiri m'mawa Phani akulowa pageti anakumana ndi alonda akutuluka. Anali bambo wachikulire, wa imvi m'ndevu, amene anagwira ntchito pasukulupo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Masiku onse ankamupatsa moni womwewo: "Wadzuka, mwana wa kutsidya?" Tsiku limenelo sanadzutse mutu. Chikhoti chinali pamkono, kampando kawo kopinda kali kudzanja lina. Anyamata awiri anawaimbira likhweru kumbuyo.

Nkhani inamveka kuti awaimitsa ntchito, ndipo komiti ya makolo ikumana Lachinayi kuti iwapereke kupolisi.

Phani anamupeza Wailesi pampopi.

"Unati suonetsa munthu."

"Ndinangotumizira munthu mmodzi," anayankha Wailesi osamuyang'ana. "Nanga vuto n'chiyani? Wakuba wagwidwa. Iwe ungokhala chete. Ukanena kuti ndiwe unajambula, akufunsa kuti kamera inalowa bwanji pasukulu."

Tsiku lonselo Phani sanamve chilichonse m'kalasi.

5. Woima ndi woyenda

Amalume anafika madzulo atatopa, koma sanakwere pamwamba kukapuma. Anamuitana Phani m'situdiyo n'kutseka chitseko. Anamuonetsa foni yawo.

"Chithunzi ichi andionetsa anthu atatu m'basi. Ngodya iyi ndikuidziwa. Ndi khonde lathu ili. Chinatuluka bwanji m'kamera mwanga?"

Phani anafotokoza zonse. Amalume sanakalipe. Anazimitsa magetsi, anasiya kanyali kamodzi kofooka pakona, n'kuika kamera pa thirayipodi.

"Ima apo pansalu yoyerayo. Usagwedezeke mpaka ndikuuze."

Anadina batani. Kwa masekondi makumi atatu Phani anaima njo. Amalume ankayendayenda kutsogolo kwake, uku ndi uku, kanayi konse, atavala jekete lawo lakuda, katochi ka pafoni kali m'manja. Kamera itati kwatcha anamuonetsa.

M'chithunzimo munali Phani yekha. Amalume munalibe. Munali kaulusi kowala kopingasa, kokhotakhota ngati njira ya nkhono.

"Ine ndili kuti?" anafunsa amalume.

"Mulibe."

"Koma unandiona ndikudutsa?"

"Ndinakuonani."

Amalume anayatsa magetsi n'kukhala pampando.

"Mwana wa mlongo wanga, kamera ya usiku imagwira woima, imasiya woyenda. Munthu woyenda mumdima sakhalitsa pamalo amodzi, choncho kuwala kwake sikukwanira kuti alembeke. Chimatsala ndi tochi yake basi. Tsono dzifunse: wakuba amaima phee pakhomo theka la mphindi, nyali ikumuwalira kumaso? Amaima choncho ndi munthu amene sakuopa kuoneka. Iwe unatola chithunzi chimodzi pa zithunzi 120, n'kuchilola chipite chokha kukaweruza munthu. Chithunzi chilibe pakamwa. Amachilankhulira ndi anthu, ndipo aliyense amachiuza kuti chinene zimene iye akufuna.

"Ndikuuze zimene sindikonda kukamba. Ndili mnyamata, nditangogula kamera yanga yoyamba, ndinajambula mayi wina wa pamzere wathu akutsika m'galimoto ya mwamuna wachilendo, akuseka, mwamunayo atamugwira dzanja. Ndinaonetsa anzanga awiri okha kuti tisekere. Sabata isanathe chinafika kwa mwamuna wake. Banja linagwedezeka, mayiyo anachoka ndi ana. Pambuyo pake zinadziwika kuti wa galimoto uja anali mlongo weniweni wa mayiyo, amene anali atangobwera kuchokera kunja. Anabwererana ndi mwamuna wake, koma mayi uja mpaka anamwalira sanandiyankhepo moni. Kamera inanena zoona: anatsikadi m'galimoto. Bodza linali langa, pochilekerera chithunzi chopanda mutu ndi mchira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukagwira kamera, usamafulumire kuonetsa. Uyambe wafunsa kuti chisanachitike ichi kunachitika chiyani, ndipo pambuyo pake kunachitika chiyani."

Anatulutsa khadi losungira zithunzi m'kamera n'kulilowetsa m'laputopu. Anakuza mbali ya labu n'kuyamba kudutsa zithunzi chimodzichimodzi. Mpaka nambala 37 panalibe kanthu. Pa 38 kaulusi koyera kanaoneka m'mbali mwa labu, kakulunjika pazenera lachiwiri. Pa 41 zeneralo linkawala m'kati pang'ono.

"Ima pamenepo," anatero amalume atafika pa 44. "Ukuona chiyani kumanzereku?"

Kutali, pageti, panali kuwala kwachikasu kozungulira, ndipo pambali pake chithunzithunzi cha munthu wokhala pakampando.

"Nyali ya alonda," anatero Phani motsitsa.

"Nanga mu labu?"

"Tochi yoyera."

"Nthawi imodzi, m'chithunzi chimodzi. Munthu mmodzi angakhale pawiri?"

Pa 50 kaulusi koyera kanatuluka pazenera n'kuzimirira. Kuyambira pa 58 mzere wachikasu unachoka pageti n'kulowera ku labu. Pa 63 alonda anali ataima pakhomo akuyang'ana loko. Pa 65 anali akubwerera.

Phani anaphimba nkhope ndi manja.

6. Ku ofesi

Amayi atamva nkhani yonse anatseka mazenera ngakhale kunkatentha.

"Usalowemo," anatero. "Wa tochi yoyerayo ali pomwepo, ndipo akadziwa kuti uli ndi zithunzi zake, adziwanso khomo lathu. Achimwene, kapereke ndinu khadilo. Munene kuti munajambula ndinu."

"Sindinanamepo kwa ahedi, ndipo sindiyamba lero," anayankha amalume. "Ndimuperekeza ngati akufuna. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Asankhe yekha."

Onse awiri anamuyang'ana Phani.

"Akandichotsa sukulu?" anafunsa.

"Mwina akulanga. Sindikulonjeza kuti ayi."

Kenako Phani anati, "Alonda aja sanandipatse moni lero. Ndipita mawa."

Lachitatu m'mawa anagogoda pa ofesi ya ahedi, amalume ali kumbuyo kwake ndi laputopu, kamera ndi thirayipodi. Wailesi anawaona akudutsa pabwalo, ndipo anaima chilili, kukamwa kuli yasa.

"Ndine ndinajambula chithunzi cha alonda chija," anatero Phani. "Ndinabweretsanso kamera kusukulu Lolemba. Koma chithunzicho sichikunena zimene anthu akuganiza."

Ahedi anavula magalasi. Anayang'ana Phani, n'kuyang'ana amalume.

"Alondawa ndi abale anu?"

"Ayi, bwana," anayankha amalume.

"Anabwera kudzakudandaulirani?"

"Sitinalankhule nawo."

"Masiku ano zithunzi amazikonza pakompyuta. Inu ndi katswiri wake. Ndidziwa bwanji kuti kuwala kwachiwiriku simunakuikemo usiku wathawu?"

Amalume anafuna kuyankha, koma Phani anawatsogolera. Anaika khadi patebulo.

"Ili ndi khadi la m'kamera, aphunzitsi. Chithunzi chilichonse chili ndi nambala yake ndi nthawi yake, ndipo zikutsatizana popanda chodumpha. Muitane aphunzitsi a kompyuta aliyang'ane okha. Mukafunanso, titseke makatani muno ndikuonetseni. Inu muime, ine ndiziyenda."

Ahedi anatseketsa makatani, amalume n'kutchera kamera. Anaima pafupi ndi kabati manja ali kumbuyo, Phani akudutsadutsa ndi katochi kake. Ataona chithunzicho anakhala pansi pang'onopang'ono. Anadutsa zithunzi kuyambira 37 mpaka 65 kawiri konse. Pa 44 anakhalitsa.

"Ndamuimitsa ntchito munthu chifukwa choti anagwira ntchito yake," anatero motsitsa. Kenako mawu awo anaumanso. "Chinafika bwanji m'mafoni?"

"Ndinalola mnzanga kuti achijambule."

"Ndani?"

Phani anayang'ana pansi. "Wolakwa woyamba ndine, aphunzitsi. Iye sakanachipeza ndikanakana."

"Sindinakufunse woyamba. Komabe ndimupeza ndekha." Ahedi analemba m'buku lawo. "Chifukwa cha kamera, usesa labu ndi laibulale sabata ziwiri ukaweruka. Chifukwa cha alonda, chilango sindikupatsa ndine. Mawa uima pa asembule. Ndakopera zithunzi izi, khadi tengani. Za tochi yoyerayi musauze munthu."

7. Mawu a alonda

Lachinayi alonda anaitanidwa. Anaima pambali pa ahedi atavala malaya oyera ochapa bwino, chipewa chili m'manja. Ahedi anauza sukulu yonse kuti pali umboni wokwanira woti alonda sanabe kanthu, ndipo abwerera pantchito tsiku lomwelo. Kenako anamuitana Phani.

Phani anakwera pasitepe. Anaulula kuti chithunzi chinali chake, kuti anachilola kutuluka asanachimvetse, ndipo anatembenukira kwa alonda n'kupepesa. Kumbuyo ena anayamba kung'ung'udza. Mawu akuti "kazitape" anamveka bwinobwino.

Alonda anapempha kuti alankhuleko.

"Ana inu, ine sindinapite patali ndi sukulu, ndiye mundikhululukire ndikalakwitsa. Usiku uja ndinamva agalu. Ndinapita kukaona loko, ndinapeza ali bwino, ndinabwerera. Mazenera sindinayendere. Kumeneko ndinalakwa, ndipo ndavomera kwa abwana. Koma kulakwa ndi kuba n'zosiyana. Masiku awiri awa mkazi wanga sanapite kumsika chifukwa cha manyazi. Mwana wanga wamkulu anandiimbira foni kuchokera kutali, osafunsa kuti muli bwanji bambo, koma kuti n'zoona kodi? Mwana wobereka ndekha. Ena mwa inu ndinakutsegulirani geti mutachedwa, ena ndinakusungirani njinga mpaka mdima. Omwewo ndi amene munandiimbira likhweru. Sindikukwiya. Ndikungokuuzani kuti dzina la munthu lili ngati madzi a m'ndowa. Akatayika saoleka onse. Lero andiyeretsa pano, koma amene anaona chithunzi chija m'mafoni ndi ambiri kuposa amene aima pabwalo lino, ndipo ena adzafa akudziwa kuti mlonda uja anaba. Chala chanu chisanadine kutumiza, muzikumbuka kuti m'chithunzimo muli bambo wa munthu."

Alonda anatembenukira kwa Phani.

"Iwe mwana wa kutsidya, unandigwetsa ndiwe, wandidzutsanso ndiwe. Ambiri amathera pa choyambacho. Pita ukaphunzire."

Madzulo ake Phani anasesa labu yekha mpaka manja anatuluka matuza. Wailesi sanamudikire pageti monga ankachitira masiku onse.

8. Kumene ulusi unathera

Ntchito ya sayansi inali isanathe. Loweruka masana amalume anamuonetsa kasanjikizidwe ka zithunzi pakompyuta, n'kupita kukajambula gulu la kwaya, kumusiya yekha m'situdiyo. Amayi anali atapita kukapereka zovala zimene anasoka.

Kompyuta inatenga mphindi zingapo. Kenako zithunzi zonse 120 zinasanduka chimodzi. Kumwamba nyenyezi zinali zitalemba mizere yokhota, mazanamazana, yonse yopindikira mbali imodzi. Phani anaomba m'manja yekhayekha.

Atayang'ana m'munsi anasiya kuomba.

Tiziduswa ta kuwala koyera, timene iye ndi amalume ankationa kamodzikamodzi pafupi ndi labu pokha, tsopano tinali titalumikizana n'kukhala ulusi umodzi wautali. Phani anawonjezera kuwala kwa chithunzi kuti auone bwino. Ulusiwo sunapite kumpanda. Sunatulukire kumsewu. Unazungulira kuseri kwa laibulale, unadutsa m'mphepete mwa bwalo la mpira, n'kukathera kudzanja lamanja kwenikweni kwa chithunzi, pamzere wa nyumba za aphunzitsi.

Anawerenga madenga ndi chala. Yoyamba. Yachiwiri. Yachitatu.

Nyumba yachitatu ankaidziwa mpaka m'kati. Munkakhala aphunzitsi a masamu ndi banja lawo, ndipo Phani anali atalemberamo homuweki kambirimbiri, patebulo limodzi ndi mwana wawo wamkazi, Wailesi.

Asanaganize chochita, wina anagogoda pachitseko cha situdiyo. Phani anatsitsa chivundikiro cha laputopu, anasolola khadi n'kulibisa m'nsapato.

"Ndani?"

"Ndine," anayankha Wailesi. Mawu ake anali otsika, osati a masiku onse. "Amalume ako alimo?"

Phani anawerama. Pansi pa chitseko ankaona mapazi a anthu awiri.

"Phani, tsegula. Ndabwera ndi achimwene anga aakulu. Akuti akufuna aone nawo zithunzi zako za nyenyezi."